Utsi wa Padoko: Kodi Mauvuni Akale Owambira Nsomba Aletsedwe?

Mutu wa mtsutso: Boma likhazikitse lamulo loletsa kuwamba nsomba pa mauvuni akale otulutsa utsi poyera m'madoko onse a m'Malawi, ndipo aliyense wowamba nsomba zamalonda azigwiritsa ntchito uvuni wamakono.

Nsomba sichedwa kuvunda. Yovuulidwa m'bandakucha, ikapanda kusamalidwa, pofika madzulo a m'chilimwe imakhala itafewa mimba, ntchentche zitaizinga. M'madoko ambiri a nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa ndi Chiuta madzi oundana ndi osowa, ndipo magetsi sanafike kapena ndi osadalirika. N'chifukwa chake usipa ndi utaka amayanika pa thandala, pamene nsomba zaminofu ndi mafuta monga mlamba, kampango, bombe, mcheni ndi chambo amawamba. Uvuni wake kawirikawiri ndi dzenje, mgolo wodula pakati kapena kakhoma ka njerwa, pamwamba atayalapo waya. Wowamba amakhala pomwepo kusonkhezera moto ndi kutembenuza nsomba imodziimodzi, utsi ukumufuka kwa maola ambiri. Ambiri ogwira ntchitoyi ndi amayi, ena mwana ali kumsana.

Mu utsi wa nkhuni muli timwaye tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha PM2.5, komanso mpweya woipa wa carbon monoxide. Timwayeto timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo. Munthu akatipuma zaka zambiri, njira za mpweya zimatupa n'kuchepa, ndipo timatumba tolowetsa mpweya m'magazi timawonongeka. Kenako pamabwera chifuwa chosatha, makhololo m'mawa uliwonse, kulira kwa m'chifuwa ndi befu pokwera ngakhale kamtunda kakang'ono. Madokotala amatcha matendawa COPD. Mankhwala amathandiza munthu kupuma bwinoko, koma mapapo owonongeka sabwerera mwakale. Malinga ndi bungwe la WHO, m'chaka cha 2019 matendawa anapha anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse.

Mbali zonse ziwiri zikuvomerezana kuti utsi umadwalitsa. Zikusiyana pa funso limodzi: kodi lamulo loletsa ndilo lingateteze mapapo a anthu a padoko?

MBALI YOVOMEREZA

1. Matendawa amabwera mwakachetechete, choncho munthu payekha sadziteteza. Phindu la kuwamba limaoneka tsiku lomwelo, pamene kuwonongeka kwa mapapo kumaonekera patapita zaka khumi, makumi awiri kapena kuposa. Mayi akayamba kutsokomola amati ndi chimfine, kapena kuti wangokula. Akapita kuchipatala amayezedwa chifuwa chachikulu, ndipo akapezeka alibe amabwerera ku uvuni womwe uja. Lamulo limakhalapo pofuna kuteteza anthu ku ngozi zotere, zimene mwini wake sangazione msanga. Dziko lino lili kale ndi lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, limene limateteza wogwira ntchito m'fakitale ku fumbi ndi utsi. Wowamba nsomba ku Msaka kapena ku Kachulu nayenso ndi wantchito, ndipo mapapo ake ndi ofanana ndi a munthu wa ku Kanengo.

2. Utsiwo supumidwa ndi wowamba yekha. Mauvuni amamangidwa pakati pa misasa, pafupi ndi pogona anthu. Khanda lakumsana limapuma utsi womwe mayi ake akupuma, ndipo mapapo a mwana amakhala akukulabe mpaka atapitirira unamwali. Mwana wokulira mu utsi amadwala chibayo pafupipafupi, ndipo akhoza kukula ndi mapapo osafika pa mphamvu yake yonse. Munthu wamkulu anganene kuti anasankha yekha ntchitoyo. Mwana sanasankhe, ndipo pa nkhani ya ana boma silingadikire kuti aliyense asinthe pa nthawi yake.

3. Njira zina zilipo, ndipo zinabadwira m'madoko a muno mu Africa. M'chaka cha 1969, ku Chorkor pafupi ndi mzinda wa Accra m'dziko la Ghana, bungwe la FAO ndi akatswiri a m'dzikomo, mogwirizana ndi amayi owamba nsomba, anakonza uvuni wosanjikiza mathireyi umene umawamba nsomba zambiri ndi nkhuni zochepa. Patapita zaka pafupifupi makumi anayi, ku Thiaroye m'dziko la Senegal kunakonzedwa uvuni wotchedwa FTT. Uwu ndi wotseka, uli ndi chotchinga choletsa mafuta a nsomba kudonthera pamoto, ndipo wowamba saima mu utsi. Kuno kwathu nyumba zapulasitiki zoumitsira nsomba ndi dzuwa zayesedwa kale m'madoko ena a ku Mangochi ndi ku Salima. Lamuloli silikupempha anthu chinthu chosatheka.

4. Phindu lake likupitirira mapapo. Uvuni wakale umataya kutentha mbali zonse, motero umadya nkhuni zambiri. Mapiri ozungulira nyanja ya Chilwa ndi a kum'mwera kwa nyanja ya Malawi akuyera, ndipo mtengo wa mtolo wa nkhuni ukukwera chaka ndi chaka, kudya phindu la wowamba. Wakudya nsombayo nayenso akukhudzidwa. Mafuta akamadonthera pamoto pamatuluka utsi wokhala ndi mankhwala oyambitsa khansa, amene amamatirira pa nsomba. Mayiko a ku Ulaya salola nsomba yowamba kukhala ndi mankhwala a benzo(a)pyrene opitirira mamaikulogalamu 2 pa kilogalamu. Nsomba yowambidwa mwaukhondo ikhoza kulowa m'masitolo akuluakulu ndi kugulidwa pa mtengo wabwino, zimene nsomba yakuda ndi mwaye singathe.

5. Popanda lamulo, kusintha kumatha pamodzi ndi pulojekiti. Mabungwe amamanga uvuni wachitsanzo, amaphunzitsa gulu, nthawi yawo ikatha amachoka. Amene anayamba njira yatsopano amapikisana pamsika ndi mnzake amene sanawononge ndalama pa uvuni, ndipo posakhalitsa amabwerera ku mgolo. Lamulo lingaike onse pa mzere umodzi, n'kupatsa amisiri owotcherera ndi omanga chitsimikizo chakuti akapanga mauvuni adzagulidwa. Komanso anthu a kunyanja amadziwa kusunga lamulo. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Makomiti a m'madoko, amene anayambira ku Malombe m'chaka cha 1993, alipo m'madera ambiri. Akuti pakadafunda padajiwitsa galu: chaka chilichonse chodikira ndi mapapo ena owonongeka kosatha.

MBALI YOTSUTSA

1. Lamuloli lingagwere osauka. Mgolo wodula ndi waya munthu amazipeza ndi ndalama zochepa. Uvuni wotseka umafuna zitsulo, njerwa, simenti ndi mmisiri, ndipo mtengo wake umaposa mpamba wonse wa mayi amene amagula beseni limodzi kapena awiri a nsomba ndi ngongole ya banki m'khonde. Lamulo likabwera lero, otsala pantchito adzakhala ochita malonda akuluakulu, ndipo amayi odziimira paokha adzasanduka aganyu awo kapena kusowa chochita. Izi ndi zoopsa m'madoko mmene amayi osowa mpamba nthawi zina amakakamizika kugona ndi asodzi kuti apeze nsomba, mchitidwe umene umafalitsa HIV. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito yomupezetsa zosowa zake. Kumulanda njira imodzi osamupatsa ina n'kumuchotsa ku matenda a mawa n'kumuponya ku njala ya lero.

2. Umboni wakuti kusintha chipangizo kokha kumachepetsa matenda ndi wosakwanira, ndipo phunziro lalikulu linachokera kuno komwe. Pakati pa 2013 ndi 2016, ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga kunachitika kafukufuku wotchedwa CAPS, wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Pomaliza pake, chiwerengero cha ana odwala chibayo sichinasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwa. Mbaula zinkawonongeka, mabanja ankaphikabe pa mafuwa nthawi zina, ndipo utsi wina unkachokera kwa anansi ndi ku zinyalala zowotchedwa. Zoterezi zikhoza kuchitikanso padoko. Mayi wowamba pa uvuni wamakono masana adzakaphika nsima pa mafuwa madzulo m'kakhitchini kopanda zenera. Ngakhale uvuni wa Chorkor uja, umene umasunga nkhuni, unapezeka kuti umasiyabe mankhwala a utsi ochuluka pa nsomba, n'chifukwa chake akatswiri anafunafuna wina. Kodi boma lidzalamula uvuni uti, poyezedwa ndi yani?

3. Chifuwa cha padoko chili ndi magwero ambiri. Msodzi wa chilimira sawamba nsomba, komabe amatsokomola. Amagona mothithikana m'misasa momwe chifuwa chachikulu chimafala mosavuta. Amachezera panyanja usiku wozizira, pafupi ndi utsi wa injini, ndipo kwa zaka zambiri ankapuma utsi wa nyali za parafini zokopera usipa. Ambiri amasuta fodya kapena chamba kuti athane ndi tulo ndi mphepo. Chifukwa choyendayenda, wodwala chifuwa chachikulu amavutika kumaliza mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ngakhale amene wachira nthawi zambiri amatsala ndi zipsera m'mapapo. Kafukufuku amene anayeza mapapo a anthu akuluakulu mumzinda wa Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti pafupifupi anayi mwa khumi alionse anali ndi mapapo osagwira bwino ntchito. Ambiri mwa iwo vuto lawo linali mapapo osalowa mpweya wokwanira, osati kutsekeka kwa njira za mpweya kumene utsi umadziwika nako. Kuloza chala uvuni wokha kungachititse boma kuganiza kuti lathana ndi vuto pamene gwero lalikulu lili poyera.

4. Malamulo amene sitingathe kuwalondoloza amabala chinyengo. Kuwotcha makala popanda chilolezo n'koletsedwa kuyambira pa lamulo la nkhalango la 1997, koma matumba a makala ali m'misewu yonse. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, nkhani n'kukhala zaka m'makhothi. Kuwedza ndi maukonde a udzudzu n'koletsedwa, koma kukuchitikabe. Alangizi a za nsomba ndi ochepa poyerekeza ndi kutalika kwa gombe, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Choopsa koposa n'chakuti lamulo loletsa lingathamangitsire ntchitoyi kobisika. Mayi woopa kulandidwa nsomba adzawambira m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, usiku ana ali mtulo. Utsi wa panja umauluka ndi mphepo ya kunyanja, koma wa m'nyumba umakhala momwemo. Lamulo lofuna kuteteza mapapo likhoza kuwonjezera matenda omwewo.

5. Nsomba zimayenda, asodzi amazitsata, koma uvuni wa njerwa suyenda. Doko lodzaza mwezi uno limakhala lopanda anthu mwezi wamawa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, madoko n'kutsala kutali ndi madzi. Asodzi ena a kumeneko amakhala milungu yambiri m'zimbowera, timisasa ta pakati pa mabango, n'kumawamba milamba komweko chifukwa singafike kumtunda isanavunde. Nyumba zoumitsira ndi dzuwa ndi zabwino kwa nsomba zazing'ono, koma kampango wamafuta sangaume nazo. Ngati mauvuni ovomerezeka adzakhale ochepa, tsiku la nsomba zambiri zotsala zidzatayidwa. Kutayika kumeneko kudzamveka m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiponso m'mbale za mabanja amene nsomba youma ndiyo ndiwo yokha ya nyama imene angakwanitse.

KUWERUZA

Pa mfundo ziwiri ovomereza sangagonjetsedwe. Choyamba, utsi wochuluka chotere, woupuma tsiku ndi tsiku kwa zaka, umawononga mapapo, ndipo zotsatira za CAPS sizikutsutsa zimenezo. Zimene kafukufukuyu anaonetsa n'zakuti kugawa chipangizo n'kuchokapo sikokwanira. Chachiwiri, ndi chilungamo kuti wowamba nsomba aziwerengedwa ngati wantchito woyenera chitetezo. Ntchito imene imadyetsa dziko lonse siyenera kulipiridwa ndi mpweya wa amayi osauka, ndipo mawu akuti ndi mmene takhala tikuchitira sangakhale yankho.

Otsutsa nawo apambana pa funso la njira ndi nthawi. Mfundo yawo yolemera kwambiri ndi yachinayi, chifukwa ikugwiritsa ntchito muyeso wa ovomereza eni ake. Ngati cholinga ndi kuchepetsa utsi wolowa m'mapapo, lamulo lothamangitsira moto m'nyumba lalephera pa cholinga chomwecho. Chitsanzo cha Mbenji nachonso, tikachiyang'anitsitsa, chikuthandiza otsutsa: lamulo la kumeneko limasungidwa chifukwa linachokera kwa mfumu ndi asodzi eni ake, ndipo amaona phindu lake nyanja ikatsegulidwa.

Choncho mutuwu, monga walembedwera, suyenera kuvomerezedwa. Koma kuukana sikukutanthauza kusiya zinthu mmene zilili. Udindo woyamba ugwere boma ndi makhonsolo, amene amatolera ziphaso ndi misonkho m'madoko ndi m'misika. Ayambe ndi madoko akuluakulu okhazikika, amangemo mauvuni a gulu oyendetsedwa ndi owamba eni ake pa mtengo wosaposa umene amawononga pa nkhuni lero. Uvuni uliwonse usanavomerezedwe uyesedwe padoko penipeni: utsi umene wowamba akupuma, nkhuni zimene ukudya, ndiponso ngati ogula akuikonda nsomba yake. Pokhapokha pamene uvuni wotere wafika, ukugwira ntchito ndipo ukukwanira onse, komiti ya padoko ndi mfumu angaike tsiku lotsekera mauvuni akale pamalopo.

Palinso zina zosafuna kudikira ndalama zambiri. Makomiti a m'madoko angagwirizane chaka chino kuti mauvuni asamukire kumbali kwa misasa, kumene mphepo imapititsa utsi kutali ndi anthu. Kuti pasakhale kuwambira m'nyumba. Kuti nkhuni zikhale zouma ndipo pulasitiki asayatsire moto. Ndiponso kuti amayi azilandizana kulera ana pamthunzi wotalikirana ndi moto. Azaumoyo oyendera madoko pa nkhani ya HIV ndi chifuwa chachikulu azifunsanso za utsi ndi fodya, ndipo amene wapezeka alibe chifuwa chachikulu koma akutsokomolabe atumizidwe kukayezedwa mphamvu ya mapapo m'malo mongouzidwa kuti alibe vuto. Msodzi woyendayenda akhale ndi njira yolandirira mankhwala ake padoko lililonse limene wafika.

Ndondomeko yotere ndi yochedwa kuposa chikalata chimodzi choletsa, ndipo ili ndi ngozi yake: boma likhoza kugwiritsa ntchito mawu akuti pang'onopang'ono ngati pobisalira. N'chifukwa chake iyenera kukhala ndi madoko otchulidwa mayina, zaka zoikika ndi ndalama zolembedwa mu bajeti, kuti aphungu a m'maboma a kunyanja ndi magulu a amayi owamba nsomba azitha kufunsa chaka ndi chaka kuti mauvuni angati amangidwa. Boma likakwaniritsa mbali yake, lidzakhala ndi mphamvu yoletsa. Lisanatero, lilibe chifukwa cholangira mayi amene akuwamba nsomba pa uvuni wokhawo umene ali nawo.